Njanji ya Mchinji ndi njira za miyendo za m'mapiri a Chipata

Njanji yochokera ku Mchinji kudzafika ku Chipata ndi yotalika makilomita 27 okha, mtunda umene munthu wolimba miyendo angathe kuumaliza dzuwa lisanalowe, koma panapita zaka 28 kuchokera pamene ntchito yoimanga inayamba mu 1982 kufikira pamene anaitsegulira mu Ogasiti 2010. Mwana amene anabadwa chaka chimene ankalambula njira yake anali ndi banja lake pamene zitsulo zomaliza zinkayalidwa. Kuti timvetse kuchedwa kumeneku, ndiponso chifukwa chake anthu a kuno mpaka lero sakwera sitima popita kokayenda m'mapiri awo, tiyenera kubwerera ku nthawi imene mzinda uno wa Chipata, kum'mawa kwa Zambia, unkatchedwa Fort Jameson.

Angoni a Mpezeni, amene makolo awo anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, anagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi kumayambiriro kwa 1898, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo, anaphedwa pomuombera. Posakhalitsa azungu anamanga boma lawo m'chigwa chozingidwa ndi mapiri, nalitcha dzina la Leander Starr Jameson, mmodzi wa akuluakulu a kampani ya British South Africa Company imene inkalamulira dzikoli, ndipo linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Koma njanji sinatsate likulu, inatsata miyala ya mtengo wapatali. Inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, inafika ku Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe, mu 1906, nipitirira kumpoto kulowera ku migodi. Dziko la kum'mawa linatsala kuseri kwa mtsinje wa Luangwa ndi zitunda zake, pa mtunda woposa makilomita 500 kuchokera ku njanjiyo.

Zotsatira zake zinagwera pa mitu ndi mapazi a anthu. Katundu wa boma, wa amishoni ndi wa azungu olima fodya ankabwera ndi amtengatenga kuchokera ku Tete kapena ku Nyasaland, ndipo ngakhale pamene njanji inafika ku Salima mu 1935, mtunda wotsalawo unali wa malole pa msewu wafumbi. Msonkho wa nyumba unakakamiza amuna kutuluka m'midzi kukafuna ndalama ku Halale ndi ku Joni, ndipo ambiri ankayenda wapansi masabata angapo, atanyamula kamba ndi mphasa, asanaione sitima ndi maso. Ena sanabwerere, ndipo ndiwo machona amene agogo athu amawatchulabe ndi chisoni. Kwa mbadwo umenewo kuyenda ulendo wautali kunali chizindikiro cha umphawi kapena cha mavuto, ndipo ndikukhulupirira kuti maganizo amenewo sanathe, chifukwa munthu wovala bwino akapezeka akukwera phiri popanda nkhwangwa, khasu kapena mtolo, anthu amamufunsa mwaulemu ngati kumudzi kuli bwino.

Mwambo wokwera sitima m'mawa, kutsika pa siteshoni ya kumudzi, kuyenda tsiku lonse m'minda ndi m'mapiri, kenako kubwerera madzulo, unakula m'dziko la Britain pakati pa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester ndi Sheffield, amene ankafuna mpweya wabwino pa tsiku lawo lopuma. Makampani a njanji anaona kuti pali malonda, moti pa Lachisanu Loyera mu 1932 kampani ya Great Western Railway inayendetsa sitima yapadera ya anthu okayenda kuchokera pa siteshoni ya Paddington ku London. Vuto lawo linali malo, pakuti mapiri ambiri anali a eni chuma amene ankaletsa anthu wamba kupondamo. Pa 24 Epulo 1932 anthu mazana angapo anakwera phiri la Kinder Scout mwadala mosapempha chilolezo, asanu anatsekeredwa m'ndende, ndipo lamulo lokhazikitsa malo otetezedwa ndi kutsegula njira za kumidzi linadza mu 1949. Iwo anali ndi sitima koma analibe ufulu wa njira. Kuno zinthu zili mosiyana: malo ambiri ali m'manja mwa mafumu, tinjira ta kudimba, ta kuchigayo ndi ta kumaliro tili ponseponse, ndipo mlendo amene wanena odi kwa amfumu a mudzi saletsedwa kudutsa. Chimene chikusowa ndi sitima yonyamula anthu.

Chiyembekezo chinabwera kuchokera ku Malawi. Boma la Kamuzu Banda, mothandizidwa ndi dziko la Canada, linatalikitsa njanji kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndipo zinatsalira Zambia kuti imalize kachigawo kake. Boma la Kenneth Kaunda linayambadi ntchitoyo, koma inali nthawi imene mtengo wa kopa unali utagwa ndipo ngongole zinali zitapanikiza dziko. Komanso nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique inatseka njira ya ku doko la Nacala m'zaka za m'ma 1980, kotero kuti njanji ikanatha panthawiyo ikanakhala yopanda kolowera. Udzu ndi mitengo zinamera pa njira imene anailambula. Ntchito inadzukanso mu ulamuliro wa Levy Mwanawasa, ndipo amene anadzaitsegulira ndi Rupiah Banda pamodzi ndi Bingu wa Mutharika.

Chimwemwe cha tsikulo sichinakhalitse. Njanji inakhala zaka zingapo osagwira ntchito, mwa zina chifukwa pa siteshoni ya Chipata panalibe malo ndi zipangizo zokwanira zopakirira ndi kutsitsira katundu, ndipo sitima zitayamba kuyenda zinali za katundu yekha. Cholinga chonse chinali doko la Nacala, limene lili pafupi kwa alimi a kum'mawa kuyerekeza ndi Dar es Salaam kapena Durban. Mu 2016 boma linasaina pangano ndi kampani ya ku China lomanga njanji ya makilomita pafupifupi 390 kuchokera ku Chipata kudzera ku Petauke kukalumikizana ndi TAZARA, njanji yolumikiza Zambia ndi Tanzania, ku Serenje, koma njanjiyo sinamangidwe. Pa zokambirana zonsezi ankawerenga matani a feteleza, chimanga, thonje ndi simenti, ndipo munthu wofuna kukhala pa mpando wa sitima sanawerengedwe. Mpata umenewo unadzazidwa ndi mabasi, matakisi a ku malire a Mwami, ndi njinga, zimene zinachuluka mumzinda muno kuyambira masiku a fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti dera limene njanjiyi imalowera ndi limodzi mwa madera oyenera kuwayendera wapansi. Malire a Zambia ndi Malawi pano amatsata msana wa zitunda umene umagawa madzi: mvula yogwa mbali ya kuno imatsikira ku Lutembwe ndi mitsinje ina yopita ku Luangwa, pamene yogwa tsidya linalo imalowa mu Bua ndi kukathira m'nyanja ya Malawi. Pafupi ndi gwero la Bua ndi pamene amishoni a Dutch Reformed Church anamanga misoni yawo yoyamba m'dziko lino mu 1899, naitcha Magwero, ndipo pamalopa panayambika maphunziro a anthu osaona, amene akupitirira mpaka lero pamodzi ndi a anthu osamva. Chakumwera kuli misoni ya Mwami ya a Seventh-day Adventist ndi chipatala chake chakale. Ku Feni ndi kumene kuli likulu la Inkosi ya Makosi Mpezeni, kumene ulendo wopita ku Mtenguleni umayambira chaka chilichonse mu Febuluwale pa mwambo wa Nc'wala, umene unaletsedwa pambuyo pa nkhondo ya 1898 ndi kudzutsidwanso mu 1980. M'mapanga ena a chigawo chino, monga ku Thandwe, muli zojambula pamiyala, zofiira zimene akuluakulu amati ndi za Akafula ndi zoyera zokhudzana ndi nyau ndi chinamwali. Mwana wasukulu wa ku Kapata amawerenga zimenezi m'buku, chonsecho zili pa mtunda woti angapite ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Oyenda m'njira zimenezi ali ndi malamulo awo osalembedwa, ndipo ndi akale kuposa njanji. Mlendo amayamba waonekera kwa amfumu ndi kufotokoza kumene akupita, sadula njira kudzera m'nkhalango ya manda ngakhale itakhala yachidule, pakuti kumeneko ndi kudambwe, ndipo sathyola chimanga kapena mzimbe m'dimba la mwini asanapemphe. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamene mvula yatha, mitsinje ikuolokeka, ndipo anthu ali m'minda kukumba nsawawa za Chalimbana, moti wosochera sasowa womulozera njira. Okutobala ndi wa dzuwa loswa mtengo, ndipo lupsa limakhala litadetsa mapiri, kuphatikizapo Kanjala amene waima pamwamba pa mzinda, amene mitengo yake yachepa chifukwa cha makala ndi ophwanya miyala.

Mu Disembala 2022 maiko awiriwa anatsegula malo amodzi ochitira zonse za pamalire ku Mwami ndi Mchinji, ndipo zimenezi zinafupikitsa nthawi imene malole ndi apaulendo amataya podikira. Zitsulo za njanji zilipo, siteshoni ilipo ku Chipata ndi ku Mchinji, ndipo anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, olankhula chinenero chimodzi ndi okwatirana. Chimene ndikupempha ine ndi bogi imodzi ya anthu yolumikizidwa ku sitima Loweruka lililonse, yonyamuka m'mawa, yoima pa malo awiri kapena atatu m'midzi ya m'njira, ndi kubwerera dzuwa litapendeka, kuti aphunzitsi ndi ana awo, magulu a achinyamata a m'mipingo ndi amayi onyamula mabasiketi a masuku akwere pamodzi.