Black Panther sanali woyamba ayi, Blade analipo kalekale

Anthu ambiri mpaka pano amaganizabe kuti superhero wakuda anayamba kukhala mwini filimu pomwe Black Panther inatuluka mu 2018, koma aaa sizoona zimenezo. Blade inatuluka 1998, Wesley Snipes akukhapa ma vampire ndi lupanga, ndipo Blade ndi wa Marvel, kampani yomweyo ya Black Panther, kungoti nthawi imeneyo MCU (mndandanda wa mafilimu olumikizana a Marvel) kunalibe nde anthu samamuwerengera, chonsecho filimuyi inapanga ndalama zabwino X-Men ndi Spider-Man asanafike n'komwe pa sikirini yaikulu. Spawn ya Michael Jai White, filimu inanso ya superhero wakuda, ndi ya 1997.

Mma comics nde kale kwambiri. T'Challa, yemwe ndi Black Panther yemweyo, anayamba kuoneka mu Fantastic Four #52 mu 1966, Luke Cage anapatsidwa buku lakelake mu 1972, Storm uja mayi ake ndi aku Kenya anabwera 1975.

Chachilendo mu 2018 chinali choti situdiyo inalolera kuthira ndalama zankhaninkhani pa filimu yoti director Ryan Coogler ndi wakuda, osewera pafupifupi onse akudanso, nkhani yake ya ku Africa, ndipo inabweza zoposa $1.3 biliyoni.