Mandasi, chipisi ndi zoziziritsa kukhosi: mafunso ndi mayankho kwa amene ayamba kuwerenga makalori

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera ndipo achepetseko thupi, kawirikawiri amayamba ndi lumbiro: "Kuyambira lero, mandasi basi!" Pakatha masabata awiri mumamupeza waima pa chiwaya, ndipo tsikulo amadya za masiku onse amene anadzimana. Ndondomeko yowerenga makalori sifuna malumbiro otere. Mafunso otsatirawa ndi amene amabwerabwera pakamwa pa anthu amene angoiyamba kumene.

Kodi kalori n'chiyani, ndipo ndondomekoyi imayenda bwanji?

Kalori ndi muyeso wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya ndi m'chakumwa. Mphamvu imene thupi silinagwiritse ntchito limaisunga ngati mafuta. Bungwe la zaumoyo la ku Britain, NHS, limawerengera kuti mayi wamba amafuna makalori pafupifupi 2,000 patsiku, bambo 2,500. Wofuna kuchepetsa thupi amalangizidwa kuchotsapo 600, kutsala ndi 1,400 kwa amayi ndi 1,900 kwa abambo, kuti azitsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata.

Manambalawa ndi poyambira chabe. Munthu amene amalima mizere m'mawa wonse, kapena wakabaza wopalasa njinga dzuwa lonse, amafuna zambiri kuposa wokhala pa desiki. Chofunika n'chakuti tsiku lililonse muli ndi bajeti, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa chikuchokera m'bajeti yomweyo, ngakhale chimene mwangotola m'mbale ya mwana.

Ndiye mandasi ndi chipisi ndizisiyiretu?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tiimepo pang'ono. Ndondomekoyi ilibe mndandanda wa zakudya zoletsedwa. Imangofunsa kuti chimene mukufunacho chikukwana m'bajeti kapena ayi. Chakudya chimene mwachiletsa ndi chimene chimakhala m'mutu tsiku lonse. Fungo la zitumbuwa zikamakazingidwa kuseri kwa mpanda limakuvutani kuposa kale, ndipo tsiku limene mwagonja mumati basi zonse zawonongeka, n'kudya mosadziletsa.

Ine ndimalangiza chonchi. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zimene mumazikondadi, zija mtima ungadandaule mutazisiya. Zipatseni tsiku lake ndi kuchuluka kwake: chipisi Loweruka, mbale yaing'ono, mandasi Lachitatu ndi Lamlungu, amodzi, ndi tiyi, mutakhala pansi. Zina zonse zimene mumadya chifukwa zangopezeka pafupi, monga mabisiketi a pa msonkhano wa kuntchito, zigege za pa depoti poyembekeza minibasi, maswiti amene wogulitsa wakupatsani m'malo mwa chenji, zimenezo ndi zimene muyenera kuzisiya. Simudzazisowa n'komwe, chifukwa simunkazikonda. Munkangozolowera.

Masiku wamba, patulani makalori 150 mpaka 200 a kachakudya ka pakati pa tsiku. Mandasi awiri akuluakulu atha kufika 400 kapena kupitirira, ndiye tsiku la mandasi mtanda wa nsima ya masana uchepeko.

N'chifukwa chiyani zokazinga zimatchulidwa nthawi zonse?

Chifukwa cha masamu. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya shuga, ya sitachi kapena ya zomanga thupi ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 120. Mbatata ya kachewere yophika m'madzi sifika makalori 90 pa magalamu 100, koma mbatata yomweyo ikalowa m'chiwaya n'kutuluka chipisi imafika cha m'ma 300. Mbatata sinasinthe, chawonjezeka ndi mafuta amene yamwa. N'chimodzimodzi chinangwa: chophika ndi chokazinga ndi zakudya ziwiri zosiyana m'bajeti.

Mukamagula pa chiwaya, pemphani kuti akutengereni cha m'mbali chimene chakhetsa kale mafuta, ndipo asathirenso ena pamwamba. Kabichi ndi tomato achulutse.

Nanga zakumwa? Si madzi okhaokha?

Apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira osadziwa, chifukwa chakumwa sichikhutitsa. Mutha kumwa makalori 300 n'kukhalabe ndi njala yomweyo.

Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza kuti shuga wothiridwa m'zakudya ndi m'zakumwa, kuphatikiza uchi ndi juwisi, asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku. Kwa munthu wa makalori 2,000 ndiye magalamu 50, masupuni a tiyi pafupifupi 12. Linawonjezera kuti kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Tsono zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi za shuga zimakhala ndi magalamu 10 pa mamililita 100 alionse, kutanthauza kuti botolo la 300 ml lili ndi masupuni 7 kapena 8, ndipo la theka la lita latha kale malire onse a tsikulo.

Tiyi wa kunyumba nayenso tisamuiwale. Supuni ya tiyi yosadzaza mpaka kutumphuka ili ndi magalamu 4 a shuga, makalori 16. Masupuni atatu pa kapu, makapu atatu patsiku, ndi makalori 144. Pa sabata apitirira 1,000. Ndipo tikudziwana, supuni zathu sizikhala zosalaza. Musadumphe kuchoka pa atatu kufika pa ziro. Chotsani theka la supuni sabata iliyonse, lilime limazolowera. Sobo muzisungunula ndi madzi ambiri. Thobwa la shuga ndi maheu ziwerengedwe ngati chakudya, osati ngati madzi ophera ludzu. Choledzeretsa chenicheni cha mu mowa (alcohol) chili ndi makalori 7 pa galamu, ndipo mowa suyenda wokha, umaitana kanyenya.

Koma mtedza si chakudya chabwino?

Ndi chabwino ndithu, koma ndi cholemera: pafupifupi makalori 570 pa magalamu 100. Dzanja limodzi ndi cha m'ma 170. Tapani dzanja limodzilo, ikani pa mbale, chigoba chibwerere kumene chimakhala. Wosenda nokha umathandiza chifukwa umachedwetsa.

Pa paketi palembedwa manambala ambirimbiri. Ndiwerenge ati?

Funani mzere wa "Energy". Katundu wambiri wochokera ku South Africa amalemba ma kJ, muyeso wina wa mphamvu, osati makalori, ndiye nambala imaoneka yoopsa. Igaweni ndi 4.2: ma kJ 840 ndi makalori 200. Kenako onetsetsani ngati nambalayo ndi ya magalamu 100 kapena ya chimene iwo akuchitcha "serving". Kawirikawiri "serving" yawo ndi mabisiketi awiri kapena atatu, pamene inu mumamaliza mzere wonse. Mabisiketi ambiri ali pakati pa 450 ndi 500 pa magalamu 100, chipisi cha m'paketi chimapitirira 500. Gulani kapaketi kakang'ono ngakhale lalikulu likuoneka lotsika mtengo, chifukwa paketi yotsegulidwa sichedwa kutha.

Za mumsika zilibe zolemba, ndipo simufunika sikelo. Kuyerekeza kokhazikika, kolembedwa m'kope tsiku lililonse, n'kokwanira. Lembani nthawi yomweyo, osadikira madzulo, chifukwa zodya zoimirira ndi zimene zimaiwalika.

Ndingadye kaye kenako n'kukayenda kuti zipse?

Yendani ndithu, mtima ndi BP zimapindula. Koma kuyenda mwandawala theka la ola kumatentha makalori pafupifupi 150 kwa munthu wa makilogalamu 70. Botolo limodzi la theka la lita la chakumwa cha shuga labweza zonsezo m'mphindi ziwiri.

Cha m'ma 4 koloko masana njala imandipweteka. Ndidye chiyani?

Yambani mwaona chakudya cha masana. Ngati munadya nsima yochepa ndi msuzi wokhawokha, njala ya madzulo ndi yoona, ndipo mankhwala ake ndi nyemba, usipa, mazira ndi masamba ambiri pa mbale ya masanayo. Anthu ambiri amadzimana nkhomaliro n'kudzalipira pa golosale.

Ikabwerabe, dzira lowiritsa lili ndi makalori osafika 80, nthochi yapakatikati cha m'ma 100. Gwafa, papaya, masuku, mango m'nyengo yake, chimanga chowotcha, kachidutswa ka mbatata yootcha pa makala: zonsezi zimakhala m'mimba nthawi yaitali kuposa bisiketi. Nyamulani kuchokera kunyumba. Mukadikira njala ifike, mugula chimene chili pafupi, ndipo chapafupi chimakhala chokazinga.

Kuukwati, kuchinkhoswe kapena kwa apongozi ndikane bwanji?

Musakane. Kwathu kuno chakudya cha mlendo ndi ulemu, ndipo palibe ndondomeko yoyenera kukuyambanitsani ndi abale. Landirani, idyani pang'onopang'ono, ndipo akamabwera ndi botolo lachiwiri nenani kuti, "Zikomo kwambiri amayi, ndakhuta, mungondipatsako madzi." Mawa lake musadzilange ndi kusala kudya, bwererani ku bajeti ya masiku onse. Tsiku limodzi silifafaniza masabata asanu.

Ena adzakufunsani ngati mukudwala thupi likayamba kutsika, poti ambiri timaonabe kunenepa ngati chizindikiro cha mtendere. Funsolo limapweteka, koma limachokera m'chikondi. Auzeni zoona, kuti ndi malangizo a kuchipatala kapena ndi chisankho chanu.

Kodi alipo amene sayenera kutsatira ndondomekoyi?

Alipo. Ana ndi achinyamata amene akukulabe, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala TB kapena aliyense amene akuonda osafuna, asachepetse chakudya. Amene ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga ayambe akambirana ndi adokotala, chifukwa kwa iwo kachakudya ka pakati pa tsiku nthawi zina n'kamene kamateteza shuga kuti asatsikitse. Ndipo ngati kuwerengaku kwayamba kukulandani tulo, mukuopa kudya pagulu kapena mukudzisanzitsa mukadya, siyani kope lija lero lomwe, mupite kuchipatala mukafotokoze monga mmene zilili.