Bwanji mumaimba kakhumi akangochedwa kuyankha?

Anthu ambiri amabwera ku uphungu ndi vuto la lero lomwe. Mamuna sakuyankha WhatsApp, ma tick abuluu akuoneka koma zii, ndiye mtima phaphapha, mwaimba kakhumi, kenako mameseji aukali, mawa lake manyazi. Wina zake nzosiyana, mkazi wake akangoyamba kulira iye amatola makiyi nkutuluka, ukamufunsa akuti ine zokambakamba sindimazifuna. Onsewa amafuna tiwaweruze ngati ankhoswe. Koma thandizo lomwe timati psychodynamic therapy, makamaka loyang'ana za attachment, kutanthauza mmene mwana amadalirira ndi kumamatirira munthu womusamalira, limayambira kumbuyo kwambiri. Limafunsa kuti kodi zoti munthu amene umamukonda akachoka sabwerera munaziphunzira liti, ndipo kwa ndani?

Amene anayambitsa ganizoli ndi John Bowlby, dokotala wa za maganizo wa ku London. Mu 1944 analemba za ana 44 omwe ankaba, ndipo anaona kuti angapo mwa iwo, makamaka aja osasonyeza chikondi kwa aliyense, anasiyanitsidwa ndi amayi awo kwa nthawi yaitali ali aang'ono. Chomwe ambiri sadziwa nchoti umboni wina woyamba unachokera ku Africa konkuno. Mary Ainsworth, katswiri wa za maganizo amene anagwirapo ntchito ndi Bowlby, anakhala ku Uganda mu 1954 ndi 1955, ankayendera mabanja 26 m'midzi ya pafupi ndi Kampala, kumangokhala pansi nkumaona mwana akukwawa kupita kukaseweretsa chinthu, kutembenuka kuona ngati mayi ake alipo, nkupitiriza. Anaona kuti mwana amene akalira amayankhidwa ndi amenenso amalimba mtima kupita patali.

Atapita ku Baltimore ku America anakonza kayesedwe ka mphindi pafupifupi 20. Mwana wa chaka chimodzi ali mchipinda ndi mayi ake, mayi atuluka, kenako abwera. Nkhani yonse ili pobwerapo. Mwana wina amathamangira mayi, amunyamula, watonthola, wabwerera kukasewera. Wina amamatirira koma akumenyanso, satonthola. Wina sayang'ana nkomwe, ali busy ndi zidole, ndipo uyuyu ndi amene ife timamutama kuti mwana wofatsa, savuta. Koma ofufuza ena atayeza kugunda kwa mtima wa ana oterewa anapeza kuti mkatimu zinthu sizili bwino, mwana wangophunzira kubisa basi. Mu 1986 Mary Main ndi Judith Solomon anawonjezera gulu lachinayi, ana omwe amayamba kupita kwa mayi kenako nkuuma panjira kapena kubwerera chambuyo, kawirikawiri chifukwa munthu woti awateteze ndi yemwenso amawaopsa.

Tsono apa ndisamale, chifukwa anthu akamva izi amathamangira kuti ndiye mayi anga ndi amene anandiononga. Ayi. Mwana amatha kudalira agogo, azakhali, achemwali ake aakulu, ndipo ambiri aife tinakula bwinobwino mmanja mwa anthu angapo. Chomwe chimapweteka nkusowa ndi mmodzi yemwe wodalirika, kapena kumusowa mwadzidzidzi popanda wokufotokozera. Taganizani mwana wa zaka zinayi, mayi ake akupita ku Joni, amuuza kuti ndikupita kumsika ndibwera pompano kuti asalire, mwana akhala pakhonde mpaka mdima, mayi adzaoneka patatha zaka zitatu ndi zikwama za zovala. Kapena aja makolo awo anamwalira zaka za m'ma 1990, lero kwa amalume, chaka chamawa kwa azakhali, akalira akuti usatisokose. Palibe anachita dala, anthu amafuna chakudya ndi fizi. Koma mwana uja wasunga, ndipo pano ali ndi zaka 35 akuimba foni kakhumi.

Nanga mchipinda cha uphungumo timatani? Sitipereka malangizo ambiri, ndipo ena zimawakwiyitsa poyamba, amati ndalipira kuti muzingondimvera eti. Timakumana tsiku lomwelo, ola lomwelo sabata iliyonse, pafupifupi mphindi 50, munthu amalankhula zomwe zabwera, maloto omwe, ife tikumvetsera zomwe zikubwerezeka ndi pomwe akudumpha, ngati kuseka pofotokoza mmene ankamenyedwera.

Chodabwitsa nchoti khalidwe lija limatulukira pa ife alangizi tomwe, munthu kumatichitira zomwe anaphunzira kwa anthu amene anamulera. Sigmund Freud anaziona kalekale ku Vienna nkuzitchula transference. Mwachitsanzo ndimuuza munthu kuti sabata yamawa sindikhalako, iye ayankha kuti palibe vuto, nkhope gwa, kenako ajomba masabata awiri otsatira. Akabwera sindimudzudzula, sindichitanso ngati sindinaone. Ndimangoti, ndaona kuti nditachoka inunso munachoka, mwina munaganiza kuti bola musiye nokha musanasiyidwe? Nthawi zambiri pamakhala chete wautali. Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, chifukwa munthuyu wakwiyira wina ndipo winayo sanathawe, sanabweze, akadali pampando womwewo. Zikachitika mobwerezabwereza thupi limayamba kukhulupirira, zomwe malangizo a pakamwa sangachite. Kenako mudzamva akuti dzulo sanayankhe, mtima unathamanga ndithu koma ndinadikira mpaka madzulo.

Zimatenga nthawi, ena miyezi ingapo, ena zaka, ndipo masabata oyamba mutha kumva kuwawa kuposa mmene munabwerera. Komanso si za aliyense nthawi iliyonse. Munthu amene wangogwiriridwa kumene, kapena wangopulumuka ngozi ngati ya namondwe Freddy mu March 2023, sitiyamba nkumufunsa za ubwana wake, choyamba akhale pamalo otetezeka, azigona, azidya, ndipo ngati zithunzi za ngoziyo zikumubwerera pali njira zina ngati EMDR (kukumbukira ngoziyo uku maso akutsatira chala cha mlangizi) ndi CBT (kuphunzira kusintha maganizo ndi zochita) zomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa. Ngati mukumenyedwa pakhomo pano, vuto si attachment yanu, tulukani kaye pamenepo.

Ku Malawi akatswiri ophunzira njirayi mozama ndi ochepa, ndiye musachite manyazi kufunsa mlangizi kuti anaphunzira chiyani, amagwiritsa njira yanji, ndipo ali ndi wamkulu amene amaunika ntchito yake kapena ayi. Poyambira mutha kufunsa namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma chanu, kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukayamba kuganiza zodzipha musadikire tsiku la sesheni, pitani kuchipatala lero lomwe.