Damu la dothi limakalambira kuseri kwa khoma

Eni damu akandiitana, amakonda kuyamba kundionetsa madzi: m'mene nyanja yawo yakongolera, pomwe alendo amawedzera, bwato lomwe agula chaka chino. Ine ndimawapempha kuti tiyambe tatsikira kuseri kwa khoma, kumunsi komwe kuli tchire ndi matope, komwe mlendo safikako. Matenda a damu amaonekera kumeneko. Ntchito yanga ndi kuyendera madamu a dothi, ndipo chomwe ndimaumirira chonchi chili m'nkhani ya damu lina la ku America, imene wophunzira uinjiniya wa madamu aliyense amaimva.

Damu la South Fork, ku Pennsylvania, linamangidwa ndi boma kuti lizisunga madzi a ngalande zoyendamo mabwato, ndipo linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. Njanji itabwera, ngalandezo zinatha ntchito, damu n'kuyamba kuchoka m'manja mwa uyu kupita mwa uyo. Linagumukapo mu 1862. Kenaka mapaipi asanu achitsulo a pansi pa khoma, otulutsira madzi, anazulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha. Mu 1879 Benjamin Ruff anagula malowo kuti akhale a kalabu ya anthu olemera a ku Pittsburgh, South Fork Fishing and Hunting Club, yomwe mwa mamembala ake munali Andrew Carnegie, Henry Clay Frick ndi Andrew Mellon.

Iwo ankafuna nyanja yowedzamo ndi kupalasamo mabwato. Pogumuka paja anatsekapo ndi dothi, miyala, nthambi ndi udzu, ndipo mapaipi aja sanawabwezeretse. Pamwamba pa khoma anasalazapo, kulifupikitsa ndi theka la mita kapena kupitirirapo, kuti msewu ukule ngolo za akavalo zizipatukirana. Pa ngalande yotayira madzi osefukira, imene pantchito timaitchula kuti spillway, anatchingapo ndi sefa wachitsulo kuti nsomba zawo zisathawe. Mu 1880 Daniel Morrell, mkulu wa kampani ya zitsulo ya Cambria Iron m'tauni ya Johnstown kumunsi kwa chigwacho, anatuma injiniya John Fulton kukaliona. Fulton anachenjeza kuti kukonzako kunali kwa chigamba, ndipo kuti pakagwa vuto palibe njira yophwetsera nyanjayo. Ruff sanalabadire.

Pa 31 Meyi 1889, mvula itagwa usiku wonse, madzi ankakwera anthu akuona. Antchito anayesa kuchotsa sefa uja koma anali atatsekeka ndi zinyalala ndi mitengo. Cha m'ma 3 koloko masana madzi atadutsa pamwamba, khoma la mamita 22 linang'ambika. Pasanathe ola limodzi anali atafika ku Johnstown, makilomita 23 kuchokera padamupo. Anthu 2,209 anafa, ndipo mabanja 99 anatha psiti osatsala ndi mmodzi yemwe.

Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti panalibe amene ankafuna kupha munthu. Chosintha chilichonse chinali ndi chifukwa chomveka kwa mwini wake: msewu wabwino, nsomba zosathawa, ndalama zopulumutsidwa. Zomwezi ndimazipeza lero pa madamu a m'mafamu, m'maesiteti ndi m'malo ogona alendo. Wina waika waya wa nkhuku pa spillway kuteteza chambo chake. Wina waunjikapo matumba a mchenga kuti madzi afike pakhonde la alendo m'chilimwe. Ku Hawaii, damu la Ka Loko linaphulika pa 14 Malichi 2006 n'kupha anthu 7, ndipo zinapezeka kuti spillway yake inali itakwiriridwa ndi dothi.

Mpata wouma umene umatsala pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma si malo otayika. Umayembekezera mvula ya tsiku limodzi loipa lija. Khoma la dothi limapirira madzi olitsamira kwa zaka zambiri, koma silipirira madzi oyenda pamsana pake. Mlimi wa pamtsetse amadziwa m'mene kanjira ka mapazi kamasandukira chigwembe mvula ikakhuthuka. Pa damu zimachitika chimodzimodzi, kungoti m'mphindi zowerengeka. N'chifukwa chake ndimayeza pamwamba pa khoma ngati pali potitimira. Khoma lakale limatitimira pakati, pomwe ndi lalitali kwambiri, ndipo madzi adzayambira pomwepo.

Tsopano za kuseri kuja. Damu la dothi lililonse limachucha, ndipo zimenezo pazokha sizindiopsa. Chimene ndimafunsa ndi mtundu wa madziwo ndi kuchuluka kwake. Tungani m'botolo loonekera mkati, mulikhazike pansi kwa ola. Akakhala oyera, lembani tsiku, muyeze ndi ndowa ndi wotchi kuti ikudzaza mphindi zingati, mudzayezenso mwezi wamawa. Koma mukaona matope akudikha pansi pa botolo, dziwani kuti dothilo likuchokera m'kati mwa khoma lanu. Madzi akukumba una kuchokera kumunsi kubwerera cha kunyanja, pang'onopang'ono, kunja kukuoneka bwinobwino. Unawo ukadzatulukira kumadzi, palibenso nthawi yoitana injiniya. Zizindikiro zina ndi kadzenje kotitimira pakhoma, madzi ozungulira ngati pamphika wotakasidwa pafupi ndi khoma, kapena malo obiriwira omera bango mu Okutobala pamene udzu wina wonse wauma.

Mitengo ndiyo imabweretsa mkangano pakati pa ine ndi eni madamu, chifukwa amaikonda, ndipo inenso mitengo ndimaikonda. Koma pakhoma si malo ake. Mizu imatsata madzi, imaboola khoma, ndipo mtengo ukafa mizuyo imaola n'kusiya njira. Mphepo ikauzula umanyamula chibuma cha khoma. Tchire limabisanso ming'alu ndi pochucha. Damu la Kelly Barnes ku Georgia, lomwe linali litangotsala losangalalirapo, linali ndi mitengo pakhoma pamene linaphulika usiku wa pa 6 Novembala 1977, n'kupha anthu 39 pa koleji ya Toccoa Falls. Komabe musathamangire nkhwangwa. Timitengo tating'ono dulani lero lomwe, koma mtengo waukulu umafuna kutsitsa madzi kaye, kukumba chitsa chonse ndi kukwirira dzenjelo ndi dothi la makande lotsenderedwa pang'onopang'ono, katswiri ali pomwepo. Chofunika pakhoma ndi kapinga wotchetchedwa, kuti diso lizitha kuona nthaka.

Kuno kwathu tili ndi mdani wina amene mabuku akunja samutchula kwambiri: chiswe. Chulu chikaoneka pakhoma, mphanga zake zalowa kale patali. Onjezanipo mfuko, mauna a mbewa amene ana amakulitsa ndi khasu pozisaka, ndi ng'ombe zomwe zimaponda njira imodzimodzi popita kukamwa.

Ndikafunsa za valavu yotulutsira madzi pansi, nthawi zambiri amandilozera chitsulo chadzimbiri chomwe palibe akukumbukira chaka chimene chinapotokolapo. Valavu imeneyo ndiyo mapaipi a South Fork aja. Izitsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo pachaka, izipakidwa girizi, ndipo mlonda azidziwa komwe kuli chotsegulira. Paipi yachitsulo yodutsa m'khoma nayo imatha ndi dzimbiri, ndipo ikabooka imayamwa dothi lozungulira. Chenjezo limodzi: pophwetsa damu musatsitse madzi mwaphuma pokhapokha pangozi. Dothi la mbali ya kumadzi limakhala litamwa madzi, ndipo nyanja imene imalichirikiza ikachoka msanga, limatha kutsetserekera m'kati.

Damu likamakalamba, chigwa chake nachonso chimasintha. Pomwe panali dambo lopanda munthu pomanga, lero pali nyumba, sukulu, madimba. Kumtunda mitengo yatha, choncho mvula yomweyo imafika padamu mwamsanga ndi yambiri, itasenza mchenga umene umadzaza nyanja. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anawononga damu la Kapichira pa Shire, ndi Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsa mvula imene madamu ang'onoang'ono ambiri sanamangidwire. Ku Solai m'dera la Nakuru ku Kenya, damu la pafamu ya munthu payekha linaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018 n'kupha anthu oposa 40 okhala kumunsi kwake. M'Malawi nkhani za zilolezo za madzi zili m'manja mwa National Water Resources Authority, motsatira lamulo la madzi la 2013, ndipo wogula malo okhala ndi damu ayambe wafufuza kumeneko, apezenso mapulani a damulo ngati alipo.

Kukonza n'kodula, sindikubisirani. Kukulitsa spillway kapena kusintha paipi kungapose phindu la malowo la zaka zingapo. Mwini amene sangakwanitse ali ndi njira ziwiri zoona: kusunga madzi ochepa chaka chonse, kapena kuligumula damulo mwadongosolo m'chilimwe, mtsinje ubwerere m'njira yake. Ndinalangizapo zimenezi, ndipo si uphungu umene munthu amaulandira akumwetulira.

Ku South Fork tsiku lija, injiniya wachinyamata John Parke anathamanga pa kavalo kukauza anthu, ndipo mauthenga a telegalafu anatumizidwa kumunsi. Ambiri sanasunthe, pakuti mphekesera zoti damu likuphulika anali atazimva kambirimbiri. Choncho mvula isanayambe, mwini damu apite kwa amfumu a midzi ya kumunsi, akhale nawo pansi. Agwirizane amene adzaimbiridwe foni usiku, belu kapena mluzu umene udzatanthauze kuti thawani, ndi chitunda chimene banja lililonse lidzakwere, chifukwa wothawa motsata mtsinje madzi amamupeza. Pakhoma pakhale ndodo yolembedwa manambala yoonetsa msinkhu wa madzi, mlonda akhale ndi tochi ndi mayunitsi m'foni, ndipo auzidwe momveka kuti madzi akafika pa chizindikiro chofiira, kapena pochucha paja pakayamba kutuluka matope, aimbe belu asanaimbire bwana.