Mayiko Akaphatikiza Asilikali, Aphungu Amalondoloza Bwanji?

Ku Geilenkirchen, kumadzulo kwa dziko la Germany, kuli bwalo limene kumakhala ndege za AWACS, zomwe ntchito yake ndi kuuluka m'mwamba kwambiri n'kumaona ndege ndi sitima zimene zili kutali, komanso kutsogolera ndege zankhondo. Ndegezi ndi za mgwirizano wonse wa NATO, womwe ndi mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi ku North America, ndipo m'ndege imodzi mumakhala asilikali ochokera m'mayiko angapo, aliyense pampando wake. M'mwezi wa Malichi 2011, NATO italowerera pa nkhondo ya ku Libya, boma la Germany linachotsa asilikali ake m'ndege zimene zinkauluka pamwamba pa nyanja ya Mediterranean. Bomalo silinafune kumenya nawo nkhondoyo, ndipo malamulo a dzikolo salola kuti msilikali atumizidwe kumene kungabuke nkhondo popanda chilolezo cha Bundestag, yomwe ndi Nyumba ya Malamulo ya kumeneko. Pofuna kupepukitsa mayiko anzake amene anatsala ndi mipando yopanda anthu, bomalo linapempha aphungu chilolezo china, chotumiza asilikali ku ndege za mtundu womwewo zimene zinkagwira ntchito ku Afghanistan, ndipo aphunguwo anavomera.

Vuto limene linaonekera apa lili m'migwirizano yonse ya chitetezo. Maboma akagwirizana, amaphatikiza zida, akuluakulu a asilikali, mapulani ndi zinsinsi zawo, koma aphungu amene anasankhidwa kuti azilondoloza ntchito za boma amatsala aliyense m'dziko lake. Phungu wa ku Norway angathe kuitanitsa nduna ya za chitetezo ya dziko lake n'kuipanikiza ndi mafunso, koma alibe mphamvu yoitanitsa mkulu wa asilikali wa ku America amene akulamulira asilikali a ku Norway omwewo. Nayonso ndunayo ikabwera, imatha kuyankha kuti nkhaniyo inagamulidwa ndi mayiko onse ku Brussels, komwe kuli likulu la NATO, ndipo siyingasinthidwe ndi dziko limodzi. Mfundo za NATO zimamangidwa pokhapokha maboma onse 32 atavomerezana, ndipo zokambiranazo zimachitikira kuseri kwa zitseko, choncho n'kovuta kuti phungu adziwe zimene boma lake linanena m'chipindamo.

Mphamvu za aphunguwa n'zosiyananso kwambiri. Ku Germany, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 1994 kuti kutumiza asilikali okhala ndi zida kunja kwa dziko kumafuna chilolezo cha aphungu, lamulo lofotokoza ndondomeko yake linabwera mu 2005, ndipo ngakhale kugula zida za mtengo wopitirira mayuro 25 miliyoni kumadutsa kaye ku komiti ya aphungu yoona za bajeti. Ku France, malinga ndi kusintha kwa malamulo kwa mu 2008, boma limangodziwitsa aphungu pasanathe masiku atatu, ndipo limapempha chilolezo pokhapokha ntchitoyo ikapitirira miyezi inayi. Ku Britain kulibe lamulo lokakamiza boma kufunsa aphungu, komabe mu Ogasiti 2013, boma la David Cameron litawafunsa za kuponya mabomba ku Syria, linagonja ndi mavoti 285 kwa 272 ndipo linasiya ganizolo. Ku America lamulo la mu 1973 limati pulezidenti adziwitse Congress, yomwe ndi Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, pasanathe maola 48 ndipo abweze asilikali pakatha masiku 60 ngati sanapatsidwe chilolezo, ngakhale kuti mapulezidenti a zipani zonse ziwiri akhala akulizemba. Zotsatira zake n'zakuti asilikali amene akugona mumsasa umodzi amakhala ndi aphungu owayang'anira amphamvu zosafanana.

Aphungu a m'mayiko a NATO anauona msanga mpata umenewu. Pangano lokhazikitsa NATO, lomwe linasainidwa ku Washington pa 4 Epulo 1949, silitchula n'komwe za msonkhano wa aphungu. Iwo anangoyamba okha kukumana, koyamba ku Paris mu 1955, ndipo gulu lawolo linatchedwa North Atlantic Assembly kuyambira mu 1966, kenako NATO Parliamentary Assembly kuyambira mu 1999. Lero lili ndi nthumwi 281 zochokera m'mayiko 32, ndipo ofesi yake ili ku Brussels, padera ndi likulu la NATO. Chiwerengero cha nthumwi chimatengera kukula kwa dziko: America imatumiza 36, Britain, France, Germany ndi Italy zimatumiza 18 dziko lililonse, pamene mayiko ang'onoang'ono monga Iceland amatumiza atatu. Nthumwizi zimasankhidwa ndi Nyumba za Malamulo, osati maboma, ndipo mumakhala aphungu a chipani cholamula pamodzi ndi a mbali yotsutsa. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zina zonse za kapangidwe ka bungweli, chifukwa nduna za mayiko ogwirizana zimakumana kawirikawiri, koma phungu wotsutsa boma alibe malo ena ambiri kumene angamve yekha zimene akuluakulu a NATO akuganiza popanda kudikira kuti boma lake limuuze.

Bungwe lonse limakumana kawiri pachaka, koma ntchito yeniyeni imachitikira m'makomiti asanu: ya chitetezo, ya ndale, ya chuma, ya sayansi ndi luso lamakono, ndi ya demokalase. Komiti iliyonse imasankha phungu woti alembe lipoti pa nkhani inayake, mwachitsanzo kaperekedwe ka zida kwa Ukraine kapena chitetezo cha mawaya a intaneti odutsa pansi pa nyanja. Lipotilo limakambidwa pa msonkhano woyamba, aphungu a mayiko ena amatsutsa kapena kuwonjezera, ndipo limavomerezedwa pa msonkhano waukulu wa kumapeto kwa chaka. Pakati pa misonkhanoyi aphungu amayendera misasa ya asilikali, mafakitale a zida ndi malire a mayiko, n'kumafunsa mafunso kwa akuluakulu a asilikali amene kwawo sakanatha kuwaitanitsa. Mlembi wamkulu wa NATO, yemwe kuyambira mu Okutobala 2024 ndi Mark Rutte, amabwera kudzayankha mafunso, ndipo mfundo zimene bungweli lamanga amaziyankha polemba.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti mfundozi sizikakamiza aliyense. Bungweli silivomereza bajeti ya NATO, silingaletse nkhondo, silingachotse munthu paudindo, ndipo silipatsidwa zikalata zachinsinsi. Amene amalitchula ngati Nyumba ya Malamulo ya NATO amalipatsa ulemu umene lilibe, ndipo choopsa chake n'chakuti anthu angaganize kuti pali wina amene akulondoloza mgwirizanowu pamene palibe. Komabe sindigwirizana ndi amene amati ndi ulendo wongodyera ndalama za misonkho. Phindu lake limaonekera phungu akabwerera kwawo, kumene ali ndi voti yeniyeni. Nduna ikauza komiti kuti mayiko onse ogwirizana akugula ndege yamtundu wakutiwakuti ndipo palibe njira ina, phungu amene anamva anzake a ku dziko lina akudandaula za mtengo wokonzera ndege yomweyo amakhala ndi funso lachiwiri loti afunse. Pa ntchito yolondoloza za chitetezo, boma pafupifupi nthawi zonse limadziwa zambiri kuposa aphungu, ndipo chilichonse chimene chimachepetsa kusiyana kumeneku n'chamtengo wapatali.

Mavoti a kunyumbawo ndi amene amagwedeza mgwirizano. Pa 1 Malichi 2003, aphungu a ku Turkey sanapereke mavoti okwanira kulola kuti asilikali a America adutse m'dziko lawo polowera ku Iraq, ndipo mapulani a nkhondoyo anasintha. Mu Febuluwale 2010 boma la Netherlands linagwa chifukwa zipani zolamula zinasiyana maganizo pa nkhani yowonjezera nthawi ya asilikali awo m'chigawo cha Uruzgan ku Afghanistan. Dziko latsopano likafuna kulowa mu NATO, mayiko onse amene ali kale mkati ayenera kuvomereza, ndipo pafupifupi kulikonse ntchitoyi imadutsa kwa aphungu. Finland inalowa mu Epulo 2023, koma Sweden inadikira mpaka Malichi 2024, aphungu a ku Turkey atavomera mu Januwale ndipo a ku Hungary mu Febuluwale chaka chomwecho. Nawo aphungu a ku America anakhazikitsa lamulo mu Disembala 2023 loletsa pulezidenti kutulutsa dzikolo mu NATO popanda chilolezo chawo.

Ntchito ya bungweli imene ndimaiona kuti inabala zipatso zooneka kwambiri inachitika ulamuliro wa chikomyunizimu utagwa kum'mawa kwa Ulaya. M'mayiko amenewo asilikali ankayankha kwa chipani, bajeti yawo inali chinsinsi, ndipo aphungu atsopano ambiri anali asanaonepo chikalata cha ndalama za unduna wa chitetezo. Aphungu awiri a ku America, Charlie Rose ndi William Roth, anayambitsa maphunziro amene mpaka lero amatchedwa ndi mayina awo, ndipo oyamba anachitikira ku Vilnius ku Lithuania kumapeto kwa 1991. Zimene ankaphunzitsana zinali za tsiku ndi tsiku: kawerengedwe ka bajeti ya asilikali, kafunsidwe ka mafunso kwa mkulu wa asilikali m'komiti, kasungidwe ka zinsinsi kuti boma lisapeze chifukwa chokanira kuziulula kwa aphungu. NATO itafotokoza mu 1995 zoyenera kuti dziko lilowe, inaikapo kuti asilikali azikhala pansi pa ulamuliro wa anthu wamba osankhidwa. Poland, Hungary ndi Czech Republic zinalowa mu 1999, Lithuania mu 2004. Russia nayo inkatumiza aphungu ake monga dziko logwira ntchito ndi bungweli, mpaka pamene inachotsedwa mu 2014 italanda chigawo cha Crimea.

Pamene mgwirizano wa aphungu umafooka kwambiri ndi pa nkhani za akazitape. Mabungwe a akazitape amatsata lamulo lakuti chinsinsi chimene walandira kwa dziko lina sungachipereke kwa wina popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo maboma ena amawerengera aphungu awo omwe m'gulu la anthu osayenera kuuzidwa. Zotsatira zake zinaoneka pambuyo pa chiwembu chimene zigawenga zinachita ku America pa 11 Seputembala 2001, pamene bungwe la akazitape la ku America la CIA linkasunga ndi kuzunza anthu m'ndende zachinsinsi m'mayiko ena a ku Ulaya. Amene anafukula nkhaniyi mwakhama pakati pa aphungu sanali a bungwe la NATO. Anali Dick Marty, phungu wa ku Switzerland, dziko limene silili mu NATO, yemwe ankafufuza m'malo mwa msonkhano wa aphungu a Council of Europe, bungwe la mayiko a ku Ulaya loona za ufulu wa anthu. M'malipoti ake a mu 2006 ndi 2007 anatchula Poland ndi Romania, ndipo analembanso kuti ntchitoyi inabisika mosavuta chifukwa cha malamulo a NATO osungira zinsinsi. Maboma anakana. Khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linapeza Poland yolakwa mu 2014, kenako Romania ndi Lithuania mu 2018. Ngakhale lipoti la komiti ya Senate, imodzi mwa Nyumba ziwiri za Malamulo za ku America, la mu Disembala 2014, lomwe linaulula nkhanza zambiri, linatuluka mayina a mayiko amene munali ndendezo atabisidwa. Aphungu amene amakhulupirira kwambiri mgwirizano wawo savutika kuuteteza pamaso pa anthu, koma amachedwa kuufufuza, ndipo n'chifukwa chake mabungwe ena a aphungu ndi makhoti ayenera kukhalapo pambali pawo.

Kuno kum'mwera kwa Africa funso lomweli latifika kale. Mu Disembala 2023 bungwe la SADC linatumiza asilikali a ku Malawi, South Africa ndi Tanzania kum'mawa kwa DRC, motsogozedwa ndi mkulu wa asilikali wa ku South Africa. Mu Januwale 2025, pa nkhondo yolimbana ndi gulu loukira boma la M23 kufupi ndi mzinda wa Goma, asilikali a ku Malawi ndi a ku South Africa anaphedwa, ndipo mu Malichi atsogoleri a SADC anathetsa ntchitoyo. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi anakhazikitsa komiti ya aphungu yoona za chitetezo, ndipo a ku South Africa amakakamiza pulezidenti kudziwitsa Nyumba ya Malamulo akatumiza asilikali. Koma mafunso aakulu, monga ngati asilikaliwo anali ndi zida zokwanira ndi ndege zowathandiza, kapena ngati ndalama zimene mayiko analonjeza zinafika, amakhudza mayiko atatu onse pamodzi ndi ofesi ya SADC ku Gaborone, ndipo komiti ya dziko limodzi ingathe kuona gawo lake lokha. Bungwe la aphungu a m'mayiko a SADC lilipo kuyambira mu 1997 ndipo likulu lake lili ku Windhoek. Ndikuona kuti makomiti a chitetezo a mayiko amene anatumiza asilikali akanayenera kukumana kumeneko n'kuyerekezera mayankho amene aliyense anapatsidwa kwawo.

Kwa aphungu a NATO, mayeso amene ali patsogolo ndi a ndalama. Mu 2014, ku Wales, atsogoleri analonjeza kuti dziko lililonse liyesetse kufika poika 2 peresenti ya chuma chimene limapanga pachaka ku chitetezo. Mu Juni 2025, ku The Hague, anakweza lonjezoli kufika pa 5 peresenti pofika 2035: 3.5 peresenti ya asilikali ndi zida, ndi 1.5 peresenti ya zinthu zina zokhudza chitetezo monga misewu, madoko ndi kuteteza makompyuta. Lonjezoli linapangidwa ndi atsogoleri, koma ndalamazo zidzavomerezedwa chaka ndi chaka ndi aphungu amene akuyeneranso kupeza za zipatala, masukulu ndi penshoni. Gawo la 1.5 peresenti ndi limene likufunika maso kwambiri, chifukwa boma lingathe kulembamo mlatho umene likanamanga kale n'kunena kuti ndi wa chitetezo. Phungu sangadziwe ngati boma lake likuwerengera moona pokhapokha ataona mmene mayiko ena akuwerengera, ndipo makomiti a chitetezo ndi a chuma a bungwe lawo ndi amene angasonkhanitse ziwerengerozo atsogoleri asanaunikenso lonjezoli mu 2029.