Tabuleti mwagula, koma mwini wakeyo munamufunsa?

Pa nkhani ya ana a autism (kakulidwe kosiyana ka ubongo kamene kamakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu), ndatopa kumva zoti "tinamugulira tabuleti koma sakuifuna." Makolo amatero, aphunzitsi amatero, mabungwe ogawa zipangizo m'masukulu nawonso chimodzimodzi. Ndikafunsa ngati mwini wakeyo anafunsidwa chipangizocho chisanabwere, yankho ndi limodzi: "Adokotala, nanga si salankhula?"

Mwana wa autism akatseka makutu, akakankha chinthu, akathawira pakona, ndiye kuti wayankha kale. Ndife amene yankho lakelo sitiliwerengera.

Pali mnyamata wina wa zaka 9 amene nkhani yake imandiwawabe. Anamupatsa pulogalamu yoti akadina chithunzi, tabuleti izimulankhulira. Zithunzi zake zinali za hamburger ndi basi yachikasu ya ana asukulu a ku America. Nsima, phala, thobwa, chimbudzi chokumba, panalibe. Mawu ake Chingerezi chokhachokha. Choipitsitsa, akadina molondola tabuletiyo inkaomba m'manja n'kumathwanima, chonsecho phokoso ladzidzidzi limamulasa mwanayu ngati singano m'khutu. "Chonde" analipo, "zikomo" analipo, koma "ayi", "ndisiyeni", "zikundiwawa" munalibe. Opangawo ankaganizira mwana womvera, anaiwala kuti mwanayo ali ndi zake zoti anene. Mnyamatayo anaiponya pansi tabuletiyo, anthu n'kumati ndi wamwano.

Temple Grandin wa ku America, yemwe ali ndi autism, anadzipangira makina omufinya thupi kuti mtima ukhale pansi ali ndi zaka 18, ataona chipangizo chopanira ng'ombe pafamu ya azakhali ake ku Arizona. Chachikulu pa makinawo n'choti amene ali mkatimo ndiye amasankha kuti amufinye bwanji ndipo asiye liti. Ndani mwa ife akanaganiza zimenezo?

Inu opanga mapulogalamu, akuluakulu a autism amene amalankhula kapena kulemba alipo. Khalani nawo kuyambira tsiku loyamba, muwalipire, osangowaitana pa tsiku lokhazikitsa kuti ajambulidwe. Kwa mwana wosalankhula, muikireni zinthu ziwiri muone chimene akubwererako. Nthawi zambiri zithunzi za kapu yake, mphasa yake ndi agogo ake, zojambula pafoni n'kumata pakatoni, zimagwira ntchito kuposa tabuleti yodula.

Chimene chimandiopsa ndi zimene zimachitika chipangizo chikalephera. Banja la mnyamata uja linataya mtima, zaka zinatha akuzungulira kwa asing'anga ndi kwa aneneri, mwana akutemedwa mphini. Autism si ufiti, si ziwanda, ndipo katemera sayambitsa. Kafukufuku wa Andrew Wakefield wa 1998 amene anafalitsa bodza loti katemera amayambitsa autism anachotsedwa mu magazini ya The Lancet mu 2010. Samalaninso ndi madzi otchedwa MMS amene ena amatsatsa pa Facebook ndi WhatsApp kuti amachiritsa autism. Ndi mankhwala oyeretsera zinthu, a gulu la bulitchi, amasanzitsa, kutsegula m'mimba ndi kufooketsa thupi koopsa, moti bungwe la FDA loona za zakudya ndi mankhwala ku America linachenjezanso za iwo mu 2019. Aliyense wokulonjezani kuti autism itha mukamulipira, akufuna ndalama zanu basi.

Ndipo musadikire kuti "adzalankhula yekha, bambo ake nawonso anachedwa." Zithunzi sizilepheretsa mwana kuyamba kulankhula. Ngati wafika zaka ziwiri osatchula mawu, osaloza chinthu ndi chala, osatembenuka mukamuitana dzina, pitani naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi kakulidwe kake, ndipo akayamba sukulu mukaonane ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.