Matchona amene mabuku athu anawasiya m'njira

Agogo anga anali ndi bokosi lachitsulo pansi pa bedi. M'menemo munali bulangete lolemera, chitupa chong'ambika m'mbali, ndi chithunzi cha mchimwene wawo atavala jekete ndi chipewa chopendekera. Anapita ku Halale ali mnyamata ndipo sanabwerenso. Kumudzi ankangoti, "Anatchona."

Ulendo wotere unayamba ndi msonkho. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama, pamene anthu chuma chawo chinali m'nkhokwe ndi m'khola. Kum'mwera eni minda ankagwiritsa anthu thangata. Mwamuna wofuna kuthawa zonsezi ankanyamuka wapansi kulowera ku Southern Rhodesia kapena ku Joni. Pambuyo pake kunabwera olemba anthu ntchito: Wenela wa ku migodi ya golide, ndi Mthandizi wa ku mafamu a ku Rhodesia. Midzi ina inatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba zokha. Wenela anaimitsidwa ndi Kamuzu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi.

Olemba nkhani athu ulendowu anaudziwa msanga. Mu 1933 mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, Samuel Ntara, anatulutsa Nthondo, buku lomwe Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Nthondo amachoka kumudzi, amakavutika kutali, koma amabwerera, amalowa ufumu, amalowanso Chikhristu. Amishoni nkhani yotere inkawakomera: wosochera wapeza njira ya kwawo. Mu Jingala, buku la Legson Kayira la mu 1969, mwini nkhani ndi wokhometsa msonkho wopuma ntchito, ndipo mtsikana amene ankamuyembekezera kuti amukwatire amathawa ndi mwamuna wobwera ku migodi. Apa wobwerera ndi munthu woopsa, wa ndalama m'thumba, wosokoneza mudzi.

Chondiwawa n'chakuti m'nkhani ziwirizi timaona munthu kuchokera kumudzi, akupita kapena akubwera. Nanga uja sanabwere? Mchimwene wa agogo anga ayenera kuti anakwatira komweko, anabala ana olankhula Chishona, amene anzawo ankawanyoza kuti mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, mzinda umene mwina sanauonepo. Anthu otere anasunga Gule Wamkulu m'mafamu ndi m'makomboni a migodi, mpaka Ashona anaupatsa dzina lawo, zvigure. Kumeneko gule anali mudzi wawo, chifukwa munda wa makolo analibe. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, ambiri anataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi. Lamulo la unzika la mu 2001 linawasandutsa alendo m'dziko lobadwira, ndipo panatenga malamulo atsopano a dziko a mu 2013 kuti obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC azindikiridwe ngati nzika.

Ena anayesa kubwerera kuno. Anatsika basi ndi dzina la mfumu limene anamva kwa bambo awo, koma mwambo wa Achewa umatsata kwa mayi, ndipo mayi wawo anali wa kwina. Uko ankawati Amalawi, kuno tinawati a ku Zimbabwe. Buku la Chichewa limene ndimalakalaka kuwerenga likuyambira pamenepo, pa mphambano ya ku Dedza, mwana wa mtchona ataimirira ndi chikwama, akufunsa njira ya ku mudzi wa agogo ake m'Chichewa chopotoka.